Kodi paguwa n'polankhulira chiyani? Kuchokera ku Mucumbura mpaka masiku ano



Pali mawu amene timawamva kawirikawiri, makamaka chisankho chikayandikira. Akuti tchalitchi si malo a ndale. Mawuwa ine ndimawavomera mbali ina, ndipo ndifotokoza kutsogoloku. Koma ndikufuna tiyambe taona kumene achokera, chifukwa m'dziko lathu lino mawu omwewa anatsekeretsapo anthu m'ndende, ndipo nkhani yake inayambira m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete. Ine ndine mlimi wa chimanga ndi mbatatesi kuno ku Angónia, sukulu ndinalekera ku pulayimale. Zimene ndalemba pano ndakhala ndikuzitola pang'onopang'ono kwa akuluakulu, pa wailesi, ndi m'mabuku amene amandifika m'manja nyengo yokolola ikatha.

Tiyambire mu 1940. Chaka chimenecho boma la Salazar ku Portugal linasainirana pangano ndi likulu la mpingo wa Katolika ku Roma. Mwa panganolo boma linkapereka ndalama ku mamishoni, ndipo sukulu za ana a anthu akuda zinaikidwa m'manja mwa mamishoniwo. Maepiskopi ankayenera kukhala Apwitikizi, komanso dzina la episkopi lisanalengezedwe boma linkayamba lafunsidwa ngati lili ndi chokana. Mwana wa m'mudzi akafuna kudziwa kulemba dzina lake ankapita ku mishoni, monga ku Lifidzi kapena ku Fonte Boa kwathu kuno, ndipo kumeneko ankaphunzira katekisimu, Chipwitikizi, ndi mbiri ya mafumu a ku Portugal amene sanapondepo dothi lino. Munthu amene akudya m'mbale mwako savuta kumutseka pakamwa. Boma linkadziwa zimenezo, ndipo kwa zaka zambiri zinkayenda monga linkafunira.

Si onse amene anatsekedwa pakamwa. Episkopi woyamba wa ku Beira, Sebastião Soares de Resende, ankadzudzula chibalo ndi ulimi wa thonje wokakamiza, ndipo nyuzipepala ya dayosizi yake, Diário de Moçambique, boma linaiimitsapo kangapo. Paja nthawi imeneyo Tete yense anali pansi pa Beira, mpaka 1962. Iye anamwalira mu 1967, nkhondo isanafike poipa kwenikweni kuno.

Frelimo inayamba nkhondo ya ufulu mu 1964, ndipo mu 1968 inatsegula njira ya ku Tete. Chaka chotsatira Apwitikizi anayamba kumanga damu la Cahora Bassa, ndiye asilikali anadzaza chigawo chonse kuti aliteteze. Anthu anawachotsa m'midzi ya makolo awo n'kukawaunjika m'ma aldeamento, minda n'kutsalira kutali.

Mu Meyi 1971 asilikali pamodzi ndi apolisi achinsinsi, amene tonse timawadziwa kuti PIDE ngakhale panthawiyo dzina anali atalisintha kukhala DGS, anayamba kupha alimi m'midzi ya ku Mucumbura, m'boma la Mágoè, kumalire ndi Rhodesia imene lero ndi Zimbabwe. Mlandu wa alimiwo unali wakuti amadyetsa anyamata a Frelimo. Taganizani inu alimi anzanga. Usiku abwera a mfuti kudzapempha ufa, ukana bwanji? Kukacha abwera a mfuti ena kudzafunsa kuti ufa uja wapatsa ndani. Kuphako kunapitirira mpaka Novembala. Nthawi ina asilikali a Rhodesia anaoloka malire kudzathandiza, ndipo m'mudzi wina amayi ndi ana anawatenthera m'nyumba.

Pa mishoni ya Mucumbura panali ansembe awiri a ku Spain, a chipani cha Burgos, Alfonso Valverde ndi Martín Hernández. Iwowa sanachite chachilendo. Anangotenga pepala n'kulemba mayina a akufa, masiku ndi midzi. Anakadandaula kwa akuluakulu a boma osaphula kanthu, ndiye mapepala aja anayamba kuyenda m'manja mwa ansembe anzawo. Kumayambiriro kwa Januwale 1972 anagwidwa ali ku Rhodesia n'kuperekedwa kwa DGS. Anakhala m'ndende ya Machava, kufupi ndi Lourenço Marques imene lero ndi Maputo, pafupifupi zaka ziwiri osazengedwa mlandu, mpaka Novembala 1973.

Ena anasankha kungochoka. Mu Meyi 1971 womwewo ansembe a chipani cha Padres Brancos, amene ankagwira ntchito ku Beira ndi kuno ku Tete, analengeza kuti akusiya dziko lino chifukwa kukhala chete kwa maepiskopi kunkaonetsa ngati mpingo ndi boma la atsamunda n'chinthu chimodzi. Boma litamva linawathamangitsa msangamsanga tsiku lawo lisanakwane.

Tsopano nkhani inafika paguwa penipeni. Ku Beira kuli dera la m'mphepete mwa nyanja lotchedwa Macúti, limene nthawi imeneyo munkakhala azungu opeza bwino. Pa 1 Januwale 1972, tsiku limene Akatolika amapempherera mtendere, bambo mfumu wa parishi ya kumeneko, Joaquim Teles Sampaio, analalikira za uthenga wa Papa Paulo VI wa chaka chimenecho, wonena kuti mtendere sungabwere popanda chilungamo. Akanalekera pomwepo bwenzi onse atagwedeza mitu n'kupita kukadya nyama ya chaka chatsopano. Koma iye anatchula Mucumbura. Anauza anthu amene anakhala m'mabenchimo zimene asilikali awo ankachita kumidzi ya ku Tete.

Boma silinafune kuti mlandu ukhale wa Mucumbura, chifukwa ukatero anthu ayamba kufunsa kuti ku Mucumbura kunachitika chiyani. Linafuna pogwirira pena, ndipo silinachedwe kupapeza. Patapita sabata imodzi panali mwambo wa ana a sikauti pa tchalitchi chomwecho, ndipo kunabuka nkhani yakuti ansembe akaniza mbendera ya Portugal kulowa m'tchalitchi. Nyuzipepala ya Notícias da Beira, imene inali m'manja mwa Jorge Jardim, munthu wamphamvu kwambiri m'boma la atsamunda, inaikuza nkhaniyo ngati moto wa lupsa. Patangopita milungu iwiri chilalikire, Sampaio ndi womuthandiza wake, Fernando Marques Mendes, anali m'manja mwa apolisi. Anawatengera ku Lourenço Marques, ndipo mlandu wawo unakazengedwa mu Januwale 1973 ku khoti la asilikali. Ansembe ku khoti la asilikali, eti! Chilango chimene analandira chinali chopepuka, koma anali atagona kale m'ndende chaka chathunthu, ndipo wansembe aliyense m'dziko muno anali atamva phunziro lake.

Ansembe achizungu ankatuluka amoyo. Kwa munthu wakuda sizinali choncho. Mbusa Zedequias Manganhela, mtsogoleri wa mpingo wa Presbiteriana, anamangidwa mu Juni 1972 pamodzi ndi akuluakulu ena a mpingo wake, ndipo mu Disembala anapezeka atafa m'ndende yomweyo ya Machava. Boma linati wadzipha yekha. Akhristu ake sanakhulupirire.

Mwezi womwewo, Loweruka pa 16 Disembala 1972, ndi pamene kunachitika zoopsa za ku Wiriyamu, makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa mzinda wa Tete. Ndege zinayamba kuponya mabomba, kenako ma helikopita anatsitsa asilikali. Anasonkhanitsa anthu pabwalo n'kuwaombera, ena anawatsekera m'nyumba n'kuponyamo mabomba a m'manja. Sizinachitike ku Wiriyamu kokha, zinakhudzanso Chaworha, Juwau, Riachu ndi Djemusse. Wolemba mbiri Mustafah Dhada, amene anabadwira m'dziko lomwe lino, anafufuza nkhaniyi zaka zambiri ndipo anapeza anthu osachepera 385 amene anaphedwa. Opulumuka ena anafika ku chipatala cha ku Tete ali ndi mabala, ndipo nkhani inafika kwa ansembe. Bambo Domingos Ferrão, wansembe wakuda wa komweko, pamodzi ndi ansembe a Burgos, anachita zomwe zija za ku Mucumbura, kulemba mayina. Koma ulendo uno ankadziwa kale zimene zinagwera anzawo, ndiye sanakwere nazo paguwa. Anazitulutsa m'dziko mobisa.

Pano ndikuoloketseni nyanja pang'ono, chifukwa ku Portugal komweko kunali anthu amene nkhondoyi inali itawakola pakhosi. Ana awo ndi amene ankatumizidwa kudzafa kuno, ku Angola ndi ku Guiné, ndipo kuyankhula zotsutsa nkhondo pamsewu kapena m'nyuzipepala kunali koletsedwa. Ku Lisboa kuli kachalitchi kakang'ono kotchedwa Capela do Rato. Pa 30 Disembala 1972, milungu iwiri yeniyeni chichitikire za ku Wiriyamu, nkhani yake isanamveke n'komwe, gulu la Akatolika linalengeza pa Misa kuti likhala m'menemo masiku awiri, kusala kudya ndi kukambirana za nkhondo ya ku Africa. Zitseko anazisiya zotsegula kuti aliyense alowe, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Iwo ankayesa kuti apolisi aopa nyumba ya Mulungu. Madzulo a tsiku lotsatira apolisi anazungulira kachalitchiko, analowa, n'kutulutsa anthu makumimakumi. Ena anakawatsekera ku ndende ya Caxias, amene ankagwira ntchito m'boma anachotsedwa ntchito, ndipo wansembe wa pamalopo, Alberto Neto, anamuchotsa ndi akuluakulu ake omwe a mpingo. Chifukwa chimene boma linapereka n'chomwe chija, kuti anthu asandutsa malo opempherera kukhala bwalo la ndale.

Mapepala a ku Wiriyamu aja anafika m'manja mwa wansembe wa ku England, Adrian Hastings, ndipo pa 10 Julayi 1973 nyuzipepala ya The Times ku London inasindikiza nkhaniyo patsamba loyamba. Inatuluka kutatsala masiku ochepa kuti mtsogoleri wa Portugal, Marcelo Caetano, akacheze ku London komweko, moti anakafika anthu akumukuwiza m'misewu. Boma lake linayamba ndi kukana kuti kulibe n'komwe mudzi wotchedwa Wiriyamu. Koma akuluakulu anati mlandu suola. Mu Seputembala 2022, patapita zaka pafupifupi 50, nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, anavomereza ku Maputo kuti zimene zinachitikazo n'zosakhululukika ndipo zinadetsa mbiri ya dziko lake.

Chomaliza cha nthawi ya atsamunda chinachitika ku Nampula, ndipo n'chimene chimandiganizitsa kwambiri. Mu Febuluwale 1974 episkopi wa kumeneko, Manuel Vieira Pinto, anasaina pamodzi ndi amishonale a Comboni chikalata chonena kuti mpingo uleke kutsamira boma, ndipo uvomereze kuti anthu a dziko lino ali ndi ufulu wosankha tsogolo lawo. Chikalatacho chitadziwika, magulu a azungu anatuluka m'misewu ya Nampula n'kukasonkhana pakhomo pa episkopi ndi pa mamishoni, kukuwa ndi kutukwana. Apolisi amene ku Lisboa analowa m'tchalitchi kukatulutsa anthu ongokhala pansi akusala kudya, ku Nampula sanamange okuwawo. Amene anachotsedwa ndi amene ankakuwizidwa. Amishonale 11 anathamangitsidwa, ndipo episkopi anamukweza ndege pa 14 Epulo, tsiku la Pasaka. Ndiye mukuona nokha kuti boma lija silinkateteza ulemu wa tchalitchi. Phokoso pakhomo pa tchalitchi linkaloledwa likakhala lokomera boma, koma kunong'ona m'kati mwa tchalitchi kunali mlandu kukakhala kotsutsa boma. Patapita masiku 11, pa 25 Epulo 1974, asilikali a ku Portugal anagwetsa boma lawo lomwe.

Wina anganene kuti basi, ufulu utabwera pa 25 Juni 1975 nkhani inathera pomwepo. Ayi ndithu, inangotembenuka. Atsogoleri atsopano anali ndi mkwiyo ndi mpingo, ndipo kunena zoona mkwiyowo unali ndi pochokera, chifukwa maepiskopi ambiri anakhala chete kapena kudalitsa kumene asilikali a atsamunda. Koma chikwapu chinagwera onse, ngakhale amene anagonapo m'ndende chifukwa cha anthu. Pa 24 Julayi 1975 sukulu ndi zipatala za mamishoni zinatengedwa ndi boma. Mu 1977 Frelimo inalengeza kuti ikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, ndipo zaka zotsatira matchalitchi ambiri, makamaka oyandikana ndi sukulu ndi zipatala zija, anatsekedwa. Asilamu nawonso zinawakhudza. Wansembe kuti akaone akhristu kumudzi ankayenera kukhala ndi guia de marcha, chikalata chija cha ulendo chimene makolo athu sachiiwala. Atsamunda ankati nkhani za dziko zisalowe m'tchalitchi. Boma latsopano linkati nkhani za tchalitchi zisatuluke kunja. Anthu anayamba kupempherera m'miphakati, pansi pa mitengo ndi m'makhonde, motsogozedwa ndi alimi anzawo. Zinayamba kufewa mu Disembala 1982, pamene Samora Machel anakhala pansi ndi atsogoleri a zipembedzo ku Maputo, ndipo zinasintha kwambiri Papa Yohane Paulo II atabwera mu 1988.

Ndipatukeko pang'ono pa a Mboni za Yehova, ngakhale ine si wa mpingo umenewo. Iwo mlandu wawo sunali kulankhula, unali kukana kulankhula. Ku Malawi analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani cha Kamuzu, ndipo atazunzidwa kwambiri mu 1972 ambiri anathawira ku Zambia ndi kuno kwathu, ku Mlangeni. Mu 1975 anakananso kukweza dzanja ndi kufuula kuti viva pamisonkhano. A ku Malawi anabwezedwa kwawo, ndipo a dziko lino anawatengera ku misasa ya Carico, m'boma la Milange. Ufulu wa pakamwa umene timaunenawu uli ndi mbali ziwiri, kutsegula ndi kutseka, ndipo anthu amenewa anavutikira mbali yachiwiriyo.

Nkhondo ya pakati pa boma ndi Renamo itakula, maepiskopi anayamba kulemba makalata opempha kuti mbali ziwirizo zikhale pansi. Masiku amenewo kunena zimenezo kunkamveka ngati kukhalira kumbuyo mdani. Kuno ku Angónia tili ndi manda otikumbutsa nthawi imeneyo. Mishoni ya Lifidzi itatengedwa, ansembe a chipani cha Yezu ankakhala ku Chapotera. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu a mfuti anakatenga awiri, João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno komwe, ndi Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal, n'kukawapha. Akuluakulu amawakumbukira kuti anakana kusiya anthu pa nthawi yoopsa, ndipo nkhanza akaziona sankazibisa.

Zaka zimenezo midzi yambiri ya kuno inatsala mabwinja. Anthu oposa 1 miliyoni a dziko lino anathawira ku Malawi, ndipo ife a ku Angónia tinangodumpha msewu n'kukhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, pakati pa abale athu a chilankhulo chimodzi. Ine ndinabadwira kumeneko. N'chifukwa chake zimene zinachitika ku Malawi mu 1992 ndimaziwerengera m'mbiri yathu, popeza makolo athu anazimva ndi makutu awo. Lamulungu pa 8 Malichi, sabata yoyamba ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'dzikomo munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Inanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, sukulu ndi zipatala zosakwanira, anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi mantha amene anthu anali nawo polankhula. Mayi anga amasimba kuti eni dziko ena ankaomba m'manja ndi kululutira, koma iwo othawa nkhondo anangoweramitsa mitu, poti mlendo sayamba nyimbo pamudzi pa eni.

Chimene chinapweteka boma la Kamuzu n'chakuti kalatayo inamveka paliponse ola limodzi. Nyuzipepala ukhoza kuiletsa, wailesi inali imodzi yokha ya boma, koma ungatseke bwanji maguwa onse m'mawa umodzi? Patapita masiku awiri maepiskopi anaitanidwa ku polisi ku Blantyre n'kufunsidwa maola ambiri. Kalatayo inalengezedwa kuti ndi youkira boma, moti kupezeka nayo unali mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene inasindikizidwa, inatenthedwa. John Roche wa ku Ireland, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa mu Epulo. Koma madzi anali atatayika kale. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba anayenda pamsewu kuikira kumbuyo maepiskopi, mu Meyi antchito ananyanyala ntchito ku Blantyre ndipo apolisi anapha anthu ambiri, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera kuti kukhale zipani zambiri.

Chaka chomwecho cha 1992, pa 4 Okutobala, mtendere wathu unasainidwa ku Roma. Zokambirana zake zinkachitikira ku nyumba ya gulu lachikatolika la Sant'Egidio, ndipo mmodzi wa ankhoswe anali Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa ku Beira. Panthawiyo palibe amene ananena kuti mpingo walowerera ndale. Tinabwerera kwathu n'kuyamba kusosa minda imene inali itasanduka thengo.

Nanga malamulo amati chiyani chichokere nthawi imeneyo? Malamulo aakulu a dziko a 1990 ndi amene anatsegula chitseko, ndipo a 2004 analemba momveka ufulu wolankhula pa ndime 48, ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pa ndime 51, ndi ufulu wa chipembedzo pa ndime 54. Mu 1991 kunatuluka lamulo la nambala 9/91 lonena za misonkhano ndi zionetsero. Linanena kuti ofuna kuyenda pamsewu sapempha chilolezo, amangodziwitsa akuluakulu mwa kalata kutatsala masiku anayi a ntchito. Linanenanso kuti pa chifukwa cha chitetezo zionetsero zikhoza kuletsedwa pa mtunda wosakwana mamita 100 kuchokera ku malikulu a boma, kumalo a asilikali, ku ndende, ku maofesi a akazembe ndi ku malikulu a zipani. Tchalitchi ndi mzikiti sizinalembedwe pamndandanda umenewo. Kumene zinalembedwa ndi m'malamulo a chisankho, amene amaletsa kuchita kampeni m'malo opemphereramo, monganso m'zipatala, m'maofesi a boma ndi m'sukulu nthawi ya maphunziro.

Lamulo la kampenili ine ndimaliyamikira, ndipo apa ndi pamene ndimavomera mawu aja ndinayamba nawo. Pabenchi limodzi pamakhala wa chipani ichi ndi wa chipani icho, ena abale awo anaphana pa nkhondo, ndipo tchalitchi ndi malo amodzi mwa ochepa amene amapatsana dzanja. Mukalowetsamo mbendera ya chipani mwawabalalitsa. Koma kupempha voti ndi kunena zimene zachitika ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale olamula a nthawi zonse amakonda kuziika m'thumba limodzi. Sampaio ku Macúti sanatchule chipani choti anthu achitsate. Anatchula mudzi umene anthu anaphedwa.

Ndipo nkhaniyi siinakalambe. Episkopi wa ku Pemba, Luiz Fernando Lisboa, amene ankalankhula kwambiri za mavuto a anthu pa nkhondo ya ku Cabo Delgado, ananyozedwa poyera mu 2020, ndipo atasamutsidwira ku Brasil mu 2021 ananena kuti ankaopsezedwa kuti aphedwa. Chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitatha, maepiskopi a dziko lino ananena poyera kuti panali kuponya mavoti achinyengo m'mabokosi ndi kusintha mapepala a zotsatira, ndipo anadzudzula kuphedwa kwa Elvino Dias ndi Paulo Guambe ku Maputo. Amene ankatsogolera maepiskopiwo anali Inácio Saúre wa ku Nampula, mpando womwe uja anachotsedwapo Vieira Pinto zaka 50 m'mbuyomo. Ulendo uno palibe episkopi amene anakwezedwa ndege, ndipo kusintha kumeneko ndi kwenikweni. Koma m'misewu, m'miyezi ya zionetsero imene inatsatira, mabungwe oona za ufulu wa anthu anawerenga anthu oposa 300 amene anafa. Paguwa panatseguka, pamsewu ndiye panavuta.

Kumudzi kuno vuto limene timakumana nalo ndi laling'ono poyerekeza ndi zimenezi, koma ndi lathu. Kampeni ikayamba amabwera abwana atanyamula matumba a simenti kapena malata, n'kupempha akuluakulu a mpingo kuti angopereka moni nthawi ya zolengeza. Moniyo amatha theka la ola, ndipo pomaliza aliyense wadziwa pochonga. Akuluampingo amachita manyazi kukana chifukwa denga likudontha. Maganizo anga ndi akuti abwanawo akhale pabenchi ngati mkhristu wina aliyense, simentiyo apereke kwa msungichuma popanda kuomberedwa m'manja, ndipo zimenezi zikhale chimodzimodzi kwa a chipani cholamula ndi otsutsa omwe.

Chovutirapo ndi ichi. Tinene kuti wamkulu wa boma wabwera kudzapemphera, ndipo alimi amene sanalipidwe mbewu zawo akufuna kukaima panja ndi zikwangwani kuti awaone potuluka, poti ku ofesi kwake safikako. Ena mu kalabu yathu amati ayi, kumeneko n'kunyoza nyumba ya Mulungu. Ine ndimati aime, koma tsidya la msewu, asatseke khomo, ndipo ng'oma ndi malikhweru adikire mapemphero athe, chifukwa agogo amene ayenda makilomita asanu kudzapemphera nawonso ali ndi ufulu wawo. Ndipo ngati mfumu kapena apolisi anena kuti tsiku limenelo pafupi ndi tchalitchi pasaime gulu lililonse, ndiye kuti amayi a zitenje za chipani amene abwera kudzavinira bwanayo nawonso abwerere limodzi ndi alimi aja.